Dothi Loyamba Pamanda a Kadzamira

Kalekale, chaka cha njala ija anthu ankakumba mizu ya nthochi n'kumasinja, kumunsi kwa phiri lina kunali munda waukulu wa fodya, ndipo mlonda wa nkhokwe za mwini mundawo anali a Kadzamira. Nkhokwezo zinali za njerwa, zofolera ndi malata, chimanga chili tho mpaka kudenga. Mwini munda ankachisungira antchito ake, nanga fodya angalimidwe ndi anthu anjala? Koma kunja kwa mpanda anthu ankagwa m'njira, ena osadzukanso.

A Kadzamira anali munthu wopemphera. Kuwerenga sankadziwa, koma belu la kutchalitchi ankaliza ndi iwo, ndipo ana awo atatu onse anawatumiza kusukulu ya mishoni kuti Mawu a Mulungu alowe m'nyumba mwawo kudzera m'maso mwa ana. Woyamba anali Lufeyo, munthu wofatsa, woyankhula ngati akuopa kudzutsa wodwala. Wachiwiri anali Kaduya, wa mtima wapachala. Chitsirizira anali mtsikana, Ndaziona, amene sankatha kunama ngakhale bodza laling'ono lopulumutsa nkhuku.

Tsiku lina masana amayi a m'mudzi anafika pachipata cha nkhokwe ndi malichero opanda kanthu. Sanapemphe. Anangokhala pansi padzuwa, chete. A Kadzamira atawayandikira kuti awathamangitse, anaona mayi wina akugwedeza mwana kumsana, akumutonthoza, osadziwa kuti mwanayo anali atatsirizika kale m'njira. Bambo aja anabwerera, natenga makiyi, natsegula. Malichero atadzaza ndipo amayi atapita, iwo anakhala pakhomo pomwepo kudikira mwini munda.

Kubwalo la milandu woweruza anafuna kudziwa amene anatenga chimangacho. A Kadzamira anayankha kuti nkhope sanazione, anangoona malichero. Basi, anawagamula kuti akagwire ntchito yakalavulagaga kundende ya kuboma, kuseri kwa mapiri. Ndipo inu mukudziwa, kulowa m'ndende chaka cha njala kunali ngati kulowa m'manda uli maso.

Akazi awo, a Nachisale, nawonso sankadziwa kuwerenga. Anaitana ana atatu aja, naika Buku la banja pamphasa, nawauza kuti afufuze chimene Mulungu akunena za munthu amene ali m'ndende, chifukwa iwo ankafuna chinthu chimodzi chokha: mwamuna wawo atuluke wamoyo.

Lufeyo anapeza nkhani ya mnyamata wosalakwa amene anaponyedwa m'ndende kudziko lachilendo, Mulungu nakhala naye momwemo, mpaka woyang'anira ndende anamukonda n'kumuika kukhala mkulu wa akaidi anzake. Choncho iye anati ndende ndi malo amene Mulungu amasungiramo okondedwa ake, bambo akhale phee, amvere, nthawi yawo idzakwana. Kaduya anapeza nkhani ya mtumwi womangidwa maunyolo pakati pa asilikali, mngelo nabwera, maunyolo nagwa, chitseko chachitsulo n'kutseguka chokha. Iye anati Mulungu akakonda munthu samusiya m'maunyolo, amamutulutsa. Ndaziona anayankha misozi ili mbwembwembwe. Iye anapeza pamene palembedwa za anthu okhala mumdima, omangidwa ndi zitsulo chifukwa chokana mawu a Mulungu, amene anatuluka pokhapokha atadzichepetsa ndi kulira. Anapezanso pena poletsa wokhulupirira kuzunzika monga mbala. Iye anati bambo anatenga chosakhala chawo, ndipo chitseko cha munthu wotero ndi kulapa.

A Nachisale anawayang'ana ana awo mmodzimmodzi. "Buku ndaika apa ndi limodzi. Nanga Mulunguyo ali ndi malilime angati?"

Aliyense anagwira mawu ake ngati khasu, napita nawo.

Tiyambe ndi Lufeyo. Kundende kuja akaidi ankalandira phala la gaga kamodzi patsiku, lamadzimadzi loti munthu n'kudzionamo nkhope. Amene analibe abale owayendera ankatupa mapazi, kenako nkhope, kenako anzawo ankawanyamula kupita nawo kuseri kwa mpanda. Lufeyo anayamba kugwira maganyu kulikonse kumene kunamveka fungo la chakudya. Akapeza chinangwa chouma, mfutso, kapena mbewa zowamba, ankamanga m'kansalu n'kuwoloka mapiri wapansi, iye mwini m'mimba muli zii. Zidendene zinang'ambika, nthiti zinayamba kuwerengeka, koma a Kadzamira sanatupe. Anthu amene analowa nawo tsiku limodzi anatha, iwo ali moyo. Ndikunena poyera, pakanapanda Lufeyo nkhani ino ikanathera pompano.

Ndipo nthawi zonse akafika pawaya, Lufeyo ankawauza bambo ake kuti aweramitse mutu, asayankhe, agwire ntchito mokhulupirika, kuona maso a nkhono n'kudekha. A Kadzamira anamvera. Msilikali woyang'anira gulu lawo, Sajeni Thombozi, anaona kuti mkuluyu saba, sanama, sadandaula, ndipo anawaika kukhala nyapala, ndiye kuti mkaidi woyang'anira akaidi anzake. Anawachotsa matangadza kumiyendo, nawawonjezera chipande cha phala. Lufeyo atamva anagwada panjira pomwepo kuthokoza, nati Malemba akwaniritsidwa. Koma mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Pamodzi ndi chipande chija anawapatsanso chikoti. Lamulo la m'ndendemo linali lakuti gulu likalephera kumaliza ndime ya tsikulo, wokwapulidwa ndi nyapala, pokhapokha iye atayamba wakwapula aulesi. Aulesi ake ati? Anthu otupa mapazi!

A Kadzamira, amene sanamenyepo ngakhale mwana wawo, anakana kukwapula, ndipo anakwapulidwa iwo mpaka msana unasanduka zilonda. Lufeyo atabwera, bambowo anamuuza kuti akufuna kubweza chikoticho, bola abwerere kumatangadza. Lufeyo anawadandaulira kuti asakane chisomo chimene Mulungu wawapatsa, chifukwa akabweza chikoti abwezanso chipande, ndipo akabweza chipande atupa. Bambo aja anasunga chikoti. Dzanja limaphunzira msanga, abale anga. Posakhalitsa akaidi akamva mapazi a Kadzamira ankaleka kuyankhula.

Tsono Kaduya. Nyengo yozizira itafika, chifuwa chinalowa m'ndende muja. Anthu ankagona pasimenti yonyowa, mothithikana, mpweya wa wina n'kukhala mpweya wa mnzake. A Kadzamira anayamba kutsokomola, kenako kulavula magazi. Lufeyo anabwera nayo nkhaniyi kumudzi, nati tipemphere, tidikire. Kaduya anaimirira mpaka mpando unagwa. Anamufunsa mkulu wake ngati waonapo munthu wolavula magazi m'ndende muja atachira. Lufeyo anavomera kuti sanaonepo.

"Ndiye tikudikira chiyani, achimwene? Mngelo uja anali ndi manja. Inenso ndili nawo."

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Kaduya sanauze munthu. Anapita kukakhala m'tchire pafupi ndi boma, akuzonda kumene akaidi ankagwira ntchito, mpaka udzu unauma gwaa ndipo mphepo yotentha inayamba kuwomba. Tsiku lina gulu la Sajeni Thombozi linapita kukadula nkhuni m'mbali mwa phiri. Dzuwa lili paliwombo, Kaduya anayatsa moto kumene kunkachokera mphepo. Motowo unatsika ukulilima, utsi unaphimba phiri lonse, akaidi anabalalika, Sajeni anaomba mfuti m'mwamba koma palibe anaona mnzake. Kaduya anawapeza bambo ake atagwa pansi, akutsamwa ndi utsi, nawabereka kumsana. Anali opepuka ngati mtolo wa mapesi.

"Nditsitse, mwana iwe," anatero a Kadzamira. "Sajeni uja afa chifukwa cha ine."

Kaduya sanawatsitse. Anayenda nawo mumitsinje youma mpaka kuphanga lina la m'phiri la kwawo, limene ankalidziwa kuyambira ali wotchera misampha. Kumeneko anawafulira uchi, anawaphikira mizu ya chifuwa, anawawotchera nyama ya mbira, nawagoneka padzuwa m'mawa uliwonse. Magazi analeka. Chifuwa chinaphwa. Masaya anabwerera, ndipo tsiku lina Kaduya pochokera kumisampha anawamva akuimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi. Apanso ndikunena poyera, pakanapanda Kaduya mvula yoyamba ikanawapeza ali kuseri kwa mpanda kuja.

Koma nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu. Kundende, akaidi onse a gulu lija, othawa amene anagwidwa ndi osathawa omwe, anakwapulidwa mpaka ena anakomoka, ati aulule kumene nyapala wawo wapita. Akanaulula chiyani? Akuluakulu a ndende anamuvula Sajeni Thombozi yunifomu n'kumutsekera m'chipinda chimene ankatsekeramo anzake. Ndipo asilikali anafika kumudzi. Masiku amenewo mwamuna akasowa, boma linkagwira mkazi wake mpaka mwini atadzipereka. A Nachisale anawamanga chingwe m'chiuno, mayi wamkulu wa imvi, nawayendetsa pakati pa mudzi anthu akuona. Kunalengezedwanso kuti wothawayo akapezeka awomberedwe pomwepo, ndipo mwini munda anabwereketsa agalu ake osakira nyama.

Apa ndiye pakubwera Ndaziona. Mtsikanayu anatsatira amayi ake mpaka kuboma, nagwada panja pa ofesi ya woweruza, padzuwa. Anamuthamangitsa, anabwerera. Anamuthira madzi, anakhalabe. Potsiriza woweruza anatopa naye n'kumulowetsa. Ndaziona anapempha chinthu chimodzi: ngati bambo ake atabwera ndi mapazi awo, n'kuvomera pamaso pa anthu kuti ndi mbala, asaphedwe, ndipo amayi ake ndi Sajeni amasulidwe. Woweruza anavomera.

Phanga lija Ndaziona ankalidziwa, pakuti ndiye ankapititsako mchere. Anakwera phiri nthawi imene Kaduya anali kumisampha. Kuchigwa agalu ankamveka kale. Anawapeza bambo ake akuwothera dzuwa, ndipo anawafotokozera zonse zimene Kaduya ankawabisira: za chingwe cha m'chiuno mwa amayi, za Sajeni, za misana ya akaidi, za mfuti zimene zinali m'njira. Anawauza kuti mlandu suwola, ndipo kuti Mulungu amatsegulira munthu amene wayamba wagwada.

A Kadzamira anafunsa, "Iwe mwana wanga, pakamwa pako sipanatulukepo bodza. Ukuti ndinaba?"

"Munaba, bambo," anayankha Ndaziona akulira. "Ndikanakhala ine pachipata paja, nanenso ndikanatsegula. Koma munaba."

Bambo aja anatola ndodo yawo, natsika naye phiri podzera njira ya kuseri. Dzuwa lisanapendeke asilikali anafika paphanga paja, ndipo sanaitane, sanasuzumire, anangothira zipolopolo m'katimo mpaka miyala inagumuka. Kachitatu ndikunena poyera, pakanapanda Ndaziona a Kadzamira akanafera m'phangamo ngati fisi.

Kuboma anaimirira pabwalo, anthu atadzaza, nanena mokweza kuti iwo ndi mbala ndipo alapa. Woweruza anasunga mawu ake. A Nachisale anawamasula. Sajeni Thombozi anamutulutsa, ngakhale ntchito inamuthera, napita kwawo. A Kadzamira sanawomberedwe. Anangowabwezera matangadza kumiyendo, wopanda chikoti, wopanda chipande, ndipo msilikali watsopano, amene sankawadziwa, anawakankhira m'chipinda chawo chakale. M'menemo munali anthu aja anawakwapula ali nyapala, omwenso anakwapulidwa kachiwiri iwo atathawa, zilonda zisanapole. Chitseko chinatsekedwa.

Sipanapite nthawi. Lufeyo atafika pawaya ndi kansalu kake ka chinangwa, asilikali anamuuza kuti akatenge abale ake adzanyamule mtembo. Akuluakulu a ndende anati chinali chifuwa chija. Koma ana atatuwo posambitsa thupi anapeza nthiti zili zothyokathyoka, ndipo dzanja lamanja, logwirira chikoti lija, linali lophwanyika zala zonse. Palibe mkaidi anaona kanthu. Onse anati anali mtulo.

Kalanga ine, tsoka silinunkha. M'mawa umene anatuluka ndi mtembo pachipata, mvula inali itayamba kugwa m'dziko, ndipo boma linaona kuti minda ilibe olima. Linalamula kuti onse omangidwa chifukwa cha milandu ya njala amasulidwe, akabzale. Chipata chomwecho chimene chinatulutsa chithatha cha a Kadzamira chinatulutsanso akaidi a m'chipinda chija, ali ndi timitolo tawo m'manja. Msewu unali umodzi. Anayenda pambuyo pa maliro mtunda wautali mpaka aliyense anapatukira kwawo.

Kumudzi adzukulu anakumba manda, anthu anasonkhana, nyimbo zinaimbidwa, bokosi linatsitsidwa. Tsono mudzi umenewo unali ndi mwambo wake. Adzukulu sankayamba kukwirira mpaka mwana mmodzi wa malemu, amene anawasamala koposa, ataponya dothi loyamba m'malo mwa banja lonse. Ndipo munthu amene dzanja lake lili pa imfayo sankaloledwa kukhudza dothi la mandawo, kuopa kuti womwalirayo sagona.

Lufeyo anawerama kuti atape dothi. Iye anati anawadyetsa bambo pamene anzawo ankatupa, ndipo akanangomumvera onse n'kudikira, lero bambo akanatuluka pachipata chija ndi mapazi awo pamodzi ndi anzawo. Kaduya anamugwira mkono.

"Akanatuluka ndi mapapo ati, achimwene? Ndipo zala zija anaziphwanya chifukwa cha moto wanga, kapena chifukwa cha chikoti chanu? Bambo anafuna kuchibweza, inu munawaletsa."

Kaduya anawerama. Iye anati ndi iye yekha amene anawaonetsa bambo dzuwa, ndi iye yekha amene anawamva akuimbanso, ndipo akanapanda kuperekedwa akanawawolotsa malire a dziko. Ndaziona anaima patsogolo pake.

"Mukanawawolotsa bambo, amayi ali pachingwe? Musanayatse moto wanu, achimwene, bambo anali ndi msilikali wowateteza. Munawachotsera mthunzi, n'kuwonjezera mkwiyo wa anthu aja. Ndipo anakuuzani kuti muwatsitse."

Ndaziona anawerama. Iye anati anawalanditsa ku zipolopolo, anamasula amayi, anamasula Sajeni, ndipo bambo anapita kwa Mulungu atalapa. Apa alongo ake onse awiri anayankhula pamodzi. Anamufunsa kuti ndani anawagwira dzanja bambo n'kuwafikitsa pachitseko cha chipinda chija. Anamufunsanso kuti ndani anachititsa munthu amene anadyetsa mudzi wonse kufa akudzitcha mbala. Dothi linagwa m'manja mwa Ndaziona lisanafike kudzenje.

Anthu anatembenukira kwa mlaliki, mkulu wokalamba amene anawabatiza ana onse atatu, kuti adule mlandu. Iye anati mawu amene Lufeyo anawerenga alimodi m'Buku, a Kaduya alimo, a Ndaziona alimonso, ndipo iye sangang'ambe tsamba ndi limodzi lomwe. Anati chiyambire kumva za imfayi wakhala akufufuza, ndipo chimene wapeza ndi nkhani yachinayi, ya mneneri wolungama amene anatsekeredwa chifukwa chonena zoona. Ameneyo mngelo sanamubwerere, woyang'anira ndende sanamukweze, analibe choti alape, ndipo anamudula mutu momwemo. Atanena zimenezi mlalikiyo anatseka Buku, nati iye kuweruza kwamukanika.

Onse anayang'ana a Nachisale. Mayiwo anali atakhala pansi pamutu pa manda, miyendo atatambasula. Sanalire. Anati, "Ndinakutumani kuti mundibweretsere mwamuna wamoyo. Aliyense wa inu anandipulumutsira kamodzi, ndipo uyu ali m'dzenjeyu. Onse ndinakuberekani ine, sindisankha. Koma sindichoka pano mpaka mmodzi ataponya."

Mitambo inali itada bii kuphiri. Adzukulu anaima atatsamira makasu awo, madontho oyamba anayamba kugogoda pabokosi, ndipo ana atatu aja anangoti chilili m'mphepete mwa dzenje, aliyense akuyang'ana manja a mnzake.

Ine ndafika nayo pamenepa, ndipo sindiipitiriza, chifukwa pamene mlaliki analephera ine ndine yani? Mlandu ndautula kwa inu amene mwakhala pano. Musandiuze kuti aponye onse pamodzi, mwambo ukuti mmodzi. Musandiuzenso kuti asaponye aliyense, munthu sangagone pamtunda mvula ikugwa. Wodyetsa uja anawagwiritsa chikoti, wotulutsa uja anawayatsira mkwiyo, wolapitsa uja anawaperekeza kuchitseko, ndipo aliyense anali ndi mawu a Mulungu pakamwa. Tandiuzani tsono: mwa Lufeyo, Kaduya ndi Ndaziona, ndani ali ndi manja oyera oti atape dothi loyamba, ndipo ndani mukamuuze pamaso pa amayi ake kuti abwerere m'mbuyo?